Ndinafunsa mwaulemu, akatswiri anangoti zii

Funso ili lachokera kwa mayi wina wa ku Dowa:

"Ndili ndi kashopu kotaipa makalata, kusindikiza ndi kupanga fotokope. Sabata yatha printa yanga inasiya kugwira ntchito tsiku limene anthu ambiri ankafuna makalata ofunsira ntchito. Mwana wa achemwali anga anandilowetsa m'gulupu ya WhatsApp ya anthu okonza makompyuta. Ndinalemba kuti, 'Mwadzuka bwanji akuluakulu, alipo wodziwa za maprinta?' Palibe anayankha. Masana ndinalembanso kuti, 'Printa yanga yafa, chonde thandizeni mwachangu.' Mmodzi anangoti, 'Yafa bwanji?' ndipo wina anaika nkhope yoseka. Ndinakhumudwa, sindinayankhe. Usiku ndinaimbira mmodzi wa iwo, anadula foni. Wina anabwera ku inbox kuti nditumize ndalama andipatse pulogalamu yoidzutsira. Kodi anthu amenewa ndi amatama, kapena ndinalakwitsa ndine?"

Mayi, pepani ndithu. Makina amakonda kufa tsiku limene pakhomo pali mzere wa anthu, ndipo mtima ukakhala m'mwamba choncho, kungoti zii kwa anthu mazana kumapweteka kuposa kukukanira pamaso. Amatama m'ntchito yathuyi alipo, ndipo uja anaika nkhope yosekayo sindimuikira kumbuyo. Koma ndikuuzeni chilungamo: kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo mpaka pano sindikudziwa kuti printa yanu ndi ya kampani iti, imadya inki kapena tona (ufa wosindikizira), ndiponso imachita chiyani mukaiyatsa. Ine ndakhala ndikumasula makina amenewa zaka zambiri, koma uthenga wanu ukanandipeza ndili ndi sikuludiraiva m'manja, mwina nanenso ndikanaudutsa. Munalibe pogwira.

Ndiyambe ndi moni uja, chifukwa ndi pamene anthu ambiri aulemu amagwera m'mbuna. Kwathu kuno mlendo satula nkhani ali chiimire. Amati odi, timamupatsa mpando kapena mphasa, timafunsana za ana, za mvula, za odwala, kenako mwini khomo ndi amene amati "mwatiyendera". Wofika n'kungoyamba nkhani timadziwa kuti wabwera ndi uthenga wa maliro, apo ayi sanaleredwe. Inu munachita monga munaleredwera: munati odi n'kudikira kuti wina akupatseni mpando. Kungoti pamene munagogodapo palibe mwini khomo. Gulupu ya WhatsApp imatha kunyamula anthu mpaka 1,024, ndipo aliyense amaisuzumira kamphindi kochepa ali pakati pa zina, wina ali m'minibasi, wina akudikira kuti kompyuta ya kasitomala iyake. Kwa munthu wotere, funso loti "alipo wodziwa za maprinta?" ndi msampha. Akati "ndilipo" ndiye kuti walonjeza kusenza mtolo umene sanauone kukula kwake. Mwina ndi printa ya mtundu umene sanaugwirepo, achita manyazi pagulu. Mwina ndi nkhani yomudyera masana onse. Choncho anthu khumi odziwa bwino amangoyang'ana, aliyense akudikira kuti nkhani ituluke kaye, inu uko mukudikira wokulandirani. Dzuwa limalowa choncho, popanda woipa mtima ngakhale mmodzi.

Sindikuti musiye moni. Munthu wongogwa ndi "printa!" ngati akulamula wantchito wake nayenso amatinyansa. Moni akhalepo, mzere umodzi, ndipo nkhani yonse itsatire mu uthenga womwewo musanadine potumizira. Musaone ngati ndi ife Amalawi tokha amene timachita zimenezi: olemba mapulogalamu kunjaku anatopa nazo mpaka anapanga timasamba ta pa intaneti tonena chinthu chimodzi chokha, kuti osamangolemba "hello" n'kukhala chete, ndipo amatumiza timasambato kwa aliyense amene wawalonjera n'kuima pomwepo.

Chachikulu chimene ndikufuna muchigwire n'chakuti katswiri wa pa foni ndi wakhungu. Ndikabwera kushopu kwanu, ndisanakufunseni kanthu ndimakhala nditaona kale zambiri: timagetsi tikuyaka bwanji, m'katimo mukulira chiyani, pali fungo la kupserera kapena ayi, mapepala ndi achinyontho, chingwe chakumbuyo chikugwedera. Pa WhatsApp zonsezi ndilibe. Maso anga, makutu anga ndi manja anga ndi inuyo. Tsono mawu oti "yafa" ali ngati wodwala amene wafika kuchipatala, adokotala akumufunsa, iye n'kungoti "ndikudwala". Printa "yakufa" ikhoza kukhala yosayaka n'komwe, ndipo apo timakayikira soketi, chingwe cha magetsi, kapena kabodi ka mphamvu kamene kamapsa magetsi akabwera mwaukali atazima. Ikhoza kuyaka bwinobwino koma kompyuta osaiona, apo ndi chingwe cha USB kapena kapulogalamu kotchedwa driver. Mwina kompyuta ikuiona, koma zimene mwatumiza zangounjikana pamzere osatuluka; kawirikawiri apo printa ilibe mlandu, chagona ndi chigawo cha Windows chotchedwa Print Spooler, ndipo kuchidzutsa ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Ina imakoka pepala n'kulitulutsa loyera kapena lamizeremizere, chifukwa timabowo totulutsa inki tauma kapena m'timapaipi mwalowa mpweya. Ina imangophethira timagetsi n'kukana kusuntha. Matenda asanu amenewa aliwonse ali ndi mankhwala akeake, ndipo ena mwa mankhwalawo ukawapereka pa nthenda yolakwika umangoonjezera vuto.

N'chifukwa chake ndikuti uja anakufunsani kuti "yafa bwanji?" simunamumvetse. Mwa anthu onse a m'gulupumo, iyeyo ndi amene anakupatsani mpando. Mawu ake anali ouma, inde, koma linali funso la munthu amene wayamba kale ntchito. Mukanamuyankha kuti "ikuyaka, koma timagetsi tiwiri tikuphethira ndipo sikukoka pepala", ndikukhulupirira kuti pofika madzulo mukanakhala mutadziwa chochita.

Dzina la makina lilembeni lonse, ndi manambala ake omwe. Limakhala kutsogolo, kapena pa kapepala komata kumbuyo kapena kunsi. Kungoti "Epson" kapena "HP" n'chimodzimodzi kuuza makaniko kuti galimoto yanu ndi Toyota, osanena ngati ndi Hiace kapena Vitz. Epson L3110 ndi L3150 zimafanana ngati mapasa, koma yachiwiriyo ili ndi Wi-Fi pomwe yoyambayo ilibe, ndipo L805 imadya inki ya mitundu 6, osati 4. HP LaserJet ndi ya tona, ufa uja umene umamatidwa papepala ndi kutentha, pomwe DeskJet ndi ya inki yamadzi, ndipo kakonzedwe kake n'kosiyana kutalitali. Nenaninso kompyuta imene printayo yalumikizidwako. Ngati simukudziwa Windows yanu, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani winver, dinani Enter, kabokosi kotulukako kadzakuuzani. Ena amabisa kuti akadali pa Windows 7 poopa kusekedwa. N'zoona kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, koma m'mashopu ambiri ndi zomwe zilipo, ndipo tonse timadziwa. Mukabisa, mupatsidwa driver wa Windows 11 amene akana kulowa, n'kuyambiranso kufunsana.

Ngati pa sikirini patuluka mawu, akopereni ndendende, chilembo ndi chilembo, ngakhale akuoneka opanda mutu. Ambiri amalemba kuti "inalemba zinazake za error ndiye ndinatseka". Zinazakezo ndi zimene timazifuna. Mu Seputembala 2021, Microsoft itatulutsa zokonza Windows pofuna kutseka mpata umene akuba a pa intaneti akanalowera kudzera ku maprinta, maofesi ambiri padziko lonse anadzuka printa yogawana pa netiweki ikukana, n'kumaonetsa nambala yoti 0x0000011b. Wolemba nambala imeneyo m'funso lake sankachedwa kuthandizidwa, chifukwa okonza makompyuta anali ataiona kale kwa ena. Wolemba kuti "printa ya muofesi yasiya" ankauzidwa kusintha chingwe, kuyang'ana tona, kuzimitsa n'kuyatsanso, pomwe makinawo analibe nthenda iliyonse.

Zithunzi tumizani, bola zioneke. Pa Windows 10 ndi 11, batani la Windows, Shift ndi S pamodzi zimakulolani kudula mbali ya sikirini imene mukufuna. Ngati mukujambula ndi foni, pukutani kamera, imani molunjika, ndipo potumiza sankhani HD, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi mpaka manambala ang'onoang'ono osawerengeka. Timagetsi tophethira tijambuleni kavidiyo ka masekondi khumi. Pa maprinta ambiri kuphethira pamodzi ndi kuphethira mosinthana kumanena zinthu zosiyana, ndipo chithunzi choima sichingaonetse zimenezo. Pa ma voice note ndiye ndili ndi mawu. Ndikudziwa kuti kulankhula n'kosavuta kuposa kulemba, makamaka makasitomala akukuyang'ana ndi diso lofiira. Koma voice note ya mphindi zinayi, yoyambira pa mmene munagulira printayo ku Lilongwe ndi amene anakunyamulirani, munthu ali pamalo aphokoso sangaimve, sangabwerere msanga pa nambala imene munatchula pakati, ndipo wodzakhala ndi vuto lomwelo chaka chamawa sangaipeze akafufuza. Ngati kulemba kukuvutani lankhulani mwachidule, koma dzina la makina ndi mawu a pa sikirini zikhale zolembedwa kapena zojambulidwa.

Tsopano pa nkhani imene imatidyera nthawi kuposa zonse: chinachitika n'chiyani makina asanasiye? Yankho limene ndalimva kosawerengeka ndi loti "palibe, yangosiya yokha". Nthawi zina n'zoona. Koma ndikukumbukira bambo wina amene tinalemberana naye masiku awiri athunthu za laputopu yosayaka. Ndinamuyesetsa chaja china, ndinamuchotsetsa batire, ndinamutsegulitsa kunsi kuti asunthe RAM, kachipangizo kamene kompyuta imasungirapo zimene ikugwira pa nthawiyo. Tsiku lachitatu ndi pamene ananena, mongodutsa, kuti mwana anatayirapo tiyi Lamlungu koma anapukuta. Tiyi wa shuga! Akananena tsiku loyamba ndikanamuletsa kuiyatsa n'komwe, ndipo mwina bodi ikanapulumuka. M'malo mwake ine ndemwe ndinamuyatsitsa mobwerezabwereza m'kati mukadali chinyontho. Bambo uja sanali wabodza, ankangoopa kuoneka wosasamala. Paja amati ukabisa matenda, maliro tidzamva.

Inunso mayi dzifunseni. Kodi magetsi anazima printa ili pakati posindikiza? Munathira inki ina yotchipa? M'kati munagwera kawaya ka sitepula? Mwana wa achemwali anu uja anaikamo pulogalamu yatsopano m'kompyuta? Munaitsukitsa kangati mutu, chigawo chija chotulutsa inki papepala? Zonsezi nenani, pamodzi ndi zimene mwayesa kale ndi zimene zinatsatira. Ndipo siyanitsani zimene mwaona ndi zimene mukuganiza. "Ikulira kakaka ikafika kumanja" ndi zimene mwaona. "Mota yapsa" ndi maganizo, ndipo mukalemba maganizo okhawo anthu ayamba kukuuzani mtengo wa mota, pomwe m'katimo mwangokodwa kachidutswa ka pepala.

Uja anabwera ku inbox ndi pulogalamu yodzutsira printa, ndalama musamutumizire. Ndikudziwa chimene akugulitsa. Maprinta ambiri a inki ali ndi siponji kunsi kwake imene imamwa inki yotayika nthawi iliyonse makina akamadzitsuka mutu. Printa siiona siponjiyo, imangowerengera kuti yatayirako inki yochuluka bwanji, ndipo chiwerengero chikafika pamalire imadzitseka kuti inki isasefukire patebulo. Mapulogalamu otchedwa resetter amabweza chiwerengerocho pa ziro. Ngati vuto lanu lilidi limenelo, n'kubweza chiwerengero osasintha siponji, tsiku lina mudzapeza inki yakuda ikuyenderera pansi pa makina, mwinanso italowa pa bodi. Komanso ambiri mwa mapulogalamu amene amazungulira m'magulupumu amabwera ndi langizo loti muyambe mwazimitsa antivirus, m'kompyuta yomwe muli makalata, ma CV ndi zithunzi za ziphaso za makasitomala anu. Koma funso lalikulu ndi ili: munthuyo anadziwa bwanji kuti vuto ndi limenelo, inu musanatchule ngakhale dzina la printa? Sing'anga wotchula mtengo wa mankhwala asanafunse pamene pakupweteka ndi wofunika kumuthawa.

Wofunsa nayenso amagwa m'dzenje lomweli. Akamva kwa mnzake kuti "imeneyo imafunika resetter", amalowa m'gulupu n'kufunsa kuti "ndani ali ndi resetter?" Akupempha mankhwala amene wadzilembera yekha, nthenda osaitchula. Olemba mapulogalamu chizolowezi chimenechi anachipatsa dzina, amati XY problem. Inu nenani chimene mukufuna kuti chichitike ndi chimene chikukulepheretsani, njira asankhe wodziwayo.

Funso la pagulu likhale pagulu. Pagulu wina akakupatsani malangizo olakwika pamapezeka wachiwiri womudzudzula. Ku inbox muli awiriwiri, ndipo simungadziwe ngati mukulankhula ndi katswiri kapena mbava. Zinthu zina musapereke kwa aliyense, ngakhale alankhule mokoma bwanji: PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, pasiwedi ya imelo kapena ya kubanki, ndi nambala ya madijiti 6 imene WhatsApp imatumiza pa SMS, chifukwa woilandira amalanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale anu m'dzina lanu. Palibe printa imene imachira ndi zinthu zimenezi. Mapulogalamu ngati AnyDesk ndi TeamViewer ndi zida zenizeni za ntchito, nanenso ndimagwiritsa, koma amapatsa munthu wakutali mausi ndi kiyibodi yanu. Lolani yekhayo amene mukumudziwa nkhope kapena amene ena m'gulupu amuchitira umboni, maso anu akhale pa sikirini nthawi yonse, ndipo akamaliza tsekani. Musanatumize chithunzi cha sikirini yang'ananinso m'mbali mwake. Kalata ya kasitomala yofunsira ntchito, yokhala ndi dzina ndi nambala yake ya foni, siyenera kufika kwa anthu mazanamazana chifukwa cha printa yanu.

Mawu oti "mwachangu" ndi foni ya usiku ija ndi zimene mwina zinakuipitsirani mbiri kwambiri. Changucho kwa inu chinali chenicheni, koma anthu a m'gulupumo simunawalembe ntchito. Amayankha mwa kufuna kwawo, ndi bandulo yawo, pa nthawi imene akanapumula. Amene munamuimbira usiku nambala yake munaitola m'gulupu, sanakupatseni. Anali ndi banja lake, ndipo akudziwa kuti akayankha kamodzi foni yake isanduka chitsime cha mudzi wonse. Zoterezi zili ponseponse. Daniel Stenberg wa ku Sweden, amene anayambitsa pulogalamu yaulere yotchedwa curl mu 1998, wakhala akusimba kuti amalandira maimelo kuchokera kwa anthu amene zipangizo za m'galimoto zawo zavuta. Iye sanapangepo galimoto. Kungoti curl imakhala m'kati mwa zipangizozo, ndipo adiresi yake ya imelo imaoneka pa tsamba la chilolezo cha pulogalamuyo, tsono munthu wothedwa nzeru akaona dzina la munthu weniweni amangolembera pomwepo. N'zomveka, komabe kupeza adiresi kapena nambala ya munthu sikutanthauza kuti wakuitanani.

Ngati nkhani ndi yachangudi, pali njira yolunjika imene sinyoza aliyense. Lembani kuti "ndili ku Dowa, ndikufuna woti aione lero kapena mawa, ndilipira". Apo mwasiya kupempha, mwayamba kulemba ganyu, ndipo muli ndi ufulu wofunsa nthawi ndi mtengo. Malire ake ine ndimawaona chonchi: kukulozerani njira ndi kwaulere, koma kukhala nanu ola lathunthu pa foni, kulowa m'kompyuta yanu kapena kumasula makina ndi ntchito, ndipo munthuyo amadyera pomwepo monga inu mumadyera pa fotokope. Amene wataya nanu nthawi yaitali osalipiritsa, kumuponyera timayunitsi sikulakwa. Kumuflasha kuti akuimbireni ndiye ayi.

Mukafunsa dikirani, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Maola angapo, ngakhale tsiku, si kunyozedwa. Pobwereranso musabwere ndi "palibe wondithandiza?", bwerani ndi chatsopano, monga "ndayesa chingwe china, palibe chasintha". Ngati funso mwaliponya m'magulupu atatu nenani, kuti anthu atatu asavutike kufotokoza chinthu chimodzi aliyense kwake.

Ndipo musanafunse n'komwe, yesaniko nokha mphindi khumi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lembani dzina la printa ndi mawu a pa sikirini mu Google kapena YouTube, fufuzaninso m'gulupu momwemo, chifukwa mwina funso lanu linayankhidwa mwezi watha. Mabuku a maprinta amapezeka aulere pa masamba a makampani ake, ndipo mumakhala gawo lofotokoza tanthauzo la timagetsi. Mukalemba kuti "ndawerenga bukulo, likuti pepala lakodwa, koma ndayang'ana mulibe pepala", anthu amadzuka, chifukwa funso lotere limakoma kuliyankha. Ngati munafunsa kale ChatGPT kapena zina zotere, nenani kuti malangizowo achokera kumeneko, poti nthawi zina zimatchula mabatani amene pa makina anu palibe.

Mukadzapita pa masamba akunja mudzakumana ndi zilembo zinayi, RTFM, kutanthauza kuti "kawerengeni buku", ndipo F ameneyo ndi mawu otukwana. Pa Stack Overflow, tsamba la mafunso a olemba mapulogalamu limene Jeff Atwood ndi Joel Spolsky anatsegula mu 2008, funso lofanana ndi lakale limatsekedwa n'kukulozerani ku lakalelo. Kumalo otere lembani Chingerezi chosavuta, chosakometsera, mutu wa funso ukhale dzina la makina ndi chimene akuchita, ndipo kumbukirani kuti ikamakwana 8 koloko m'mawa ku Lilongwe, ku California ikadali 10 kapena 11 koloko usiku wa dzulo. Yankho louma lichiteni monga timachitira nsomba, minga pambali, mnofu m'kamwa. Koma chipongwe si chizindikiro cha ukatswiri, ndipo apa ndikuuzanso anzanga a ntchitoyi. Mu 2018 eni ake a Stack Overflow anavomera poyera kuti tsamba lawo silinkalandira bwino obwera kumene, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Linus Torvalds, woyambitsa Linux (pulogalamu yoyendetsa makompyuta monga imachitira Windows), anapepesa chifukwa cha mmene ankalalatira anzake m'maimelo, n'kupuma kaye pa ntchito pafupifupi mwezi. Ngati munthu wa msinkhu umenewo anafika popepesa, ife okonza makina pa msika tilibe chifukwa chosekera mayi amene bizinesi yake yaima. Tonse tinayamba tisakudziwa kumene kumalowa chingwe cha USB, ndipo munthu akasekedwa amasiya kufunsa, mapeto ake amadya phula ngati Safunsa uja.

Tingoyerekeza, uthenga wanu ukanaoneka chonchi:

"Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi printa ya inki ya m'mabotolo, dzina ndi nambala yake zili pa chithunzichi, yolumikizidwa ndi chingwe cha USB ku laputopu ya Windows 10. Dzulo masana magetsi anazima ikusindikiza. Atabwera ikuyaka, koma kagetsi ka pepala ndi ka inki tikuphethira pamodzi ndipo sikukoka pepala, kavidiyo ndi aka. Pa laputopu patuluka mawu awa, ndawajambula. Ndayang'ana m'kati mulibe pepala lokodwa, ndaizimitsa mphindi khumi, ndasintha chingwe, palibe chasintha. Sabata yatha ndinaitsukitsa mutu kasanu chifukwa inkatulutsa mizere. Ndili ku Dowa. Ngati ndi zofunika kumasula, wina wapafupi andiuze mtengo. Zikomo."

Ndi wautali kuposa wanu uja, koma munthu amaumaliza mphindi isanathe, ndipo wodziwa akangoona "kasanu" ndi timagetsi tiwirito, waganiza kale poyambira.

Akakuuzani chochita, chitani chimodzi chokha pa nthawi, ndipo nenani chimene chatsatira, ngakhale chikhale choti "palibe chasintha", chifukwa kwa ife yankho limenelo limatiuza kuti nthenda sili pamenepo, tiyang'ane kwina. Mukayesa malangizo a anthu anayi nthawi imodzi, ikachira simudziwa chachiza, ikaipiraipira simudziwa chawononga. Pamene simunamve funsani. Uja "chabwino" wa ulemu chabe, munthu asanamvetse kuti auzidwa kudina pati, wawonongetsa makina ambiri. Ikadzuka bwererani mukanene chimene chinagwira ntchito, ndipo funso lanu musalifufute. Ambiri makina akangoyenda amasowa osatsanzika. Amene anawathandiza amatsala osadziwa ngati analasa, ndipo mnzanu wa ku Mchinji amene printa yake idzachite zomwezo adzapeza funso lopanda mathero.

M'gulupu ija musatulukemo. Bwererani, gwirani uthenga uja wa "yafa bwanji?" n'kuuyankha pomwepo, ndipo kwa amene munamuimbira usiku mzere umodzi wopepesa ukwanira. Kwa ine tumizani chithunzi cha kapepala ka kumbuyo kwa printa, kavidiyo ka timagetsi, ndi mawu a pa sikirini. Pakadali pano musaitsukitsenso mutu, musaike m'kompyuta pulogalamu iliyonse yochokera ku inbox, ndipo ngati mukuona inki kunsi kwake, izuleni ku magetsi, muyale nyuzipepala pansi pake.